Chimanga cha masika chizitsalako pa katchalitchi ka kumudzi

Mipingo ikuluikulu ya dziko lino timaidziwa ndi nyumba zake zotchuka: St Michael and All Angels ku Blantyre, Maula ku Lilongwe, St Peter pachilumba cha Likoma, tchalitchi cha pamishoni ya Nkhoma. Zimenezi ndizo zimaikidwa pa makalendala, ndipo ndizo timaziona pa wailesi ya kanema pakakhala maliro a munthu wamkulu. Koma Mkhristu wamba wa ku Malawi sapemphera m'menemo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pa anthu 100 alionse, 84 amakhala kumudzi. Lamulungu likakwana, ambiri mwa iwo amalowera ku katchalitchi ka njerwa zosapaka pulasitala, kamene kamasonkhanitsa timidzi tinayi kapena tisanu ta tsidya lino ndi tsidya lina la dambo. Kalibe mbusa wakewake, kalibe magetsi, ndipo dzina lake silidziwika kupitirira pamsika wapafupi.

Ine ndikuti katchalitchi kameneka ndiko kasenza mpingo m'Malawi muno, koma akuluakulu a mipingo amakakumbukira kwambiri ikafika nthawi yotolera. Ndalama ndi chimanga zimachoka kumudzi kupita kulikulu, zobwerera kumudziko n'zochepa zedi. Zimenezi ziyenera kusintha, ndipo kusinthako kuyambire pa chopereka cha masika.

Mbiri ya mipingo yathu ikundiikira umboni. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889, kenako ku Kongwe mu 1894 ndi ku Nkhoma mu 1896, anali anthu owerengeka chabe. Sakanatha kupondaponda mudzi uliwonse wa m'chigawo chapakati. Amene anayenda anali aphunzitsi achikuda, omwe ankakakhala m'midzi n'kumanga kanyumba ka mitengo ndi udzu. M'kati mwa sabata kanyumbako kanali sukulu, Lamulungu kanali tchalitchi. Pamene Buku Lopatulika limatuluka mu 1922, anthu odziwa kuliwerenga analipo kale m'midzi, ndipo ambiri anaphunzirira m'tinyumba timeneti. Kwa Akatolika nakonso, ansembe a Montfort anayamba ku Nzama mu 1901, a White Fathers ku Mua mu 1902, koma amene anafikitsa chiphunzitso m'midzi ya kutali ndi parishi anali akatekisi oyenda pansi.

Ngakhale odana ndi timatchalitchi timeneti ankadziwa mphamvu yake. Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, mzungu woyang'anira malowo, William Jervis Livingstone, ankatentha timatchalitchi ta udzu timene anthu a mpingo wa John Chilembwe ankamanga. Chimene ankaopa chinali anthu a thangata akusonkhana paokha, akuwerenga, akukambirana za moyo wawo popanda kapitawo. Kutenthako ndi chimodzi mwa zimene zinakolezera kuukira kwa pa 23 Januwale 1915. Patapita zaka 77, kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992, yosindikizidwa ku Balaka m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chingerezi, inagwedeza boma la chipani chimodzi chifukwa sinathere m'matchalitchi a m'tauni. Inamveka m'dziko lonse, ndipo anthu a kumudzi anaimva m'chilankhulo chawo. Ambiri mwa amene anaima pamzere pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anali anthu omwewo.

Amene sanakulire kumudzi mwina sadziwa mmene katchalitchi kotere kamayendera. Kwathu belu ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pa mtengo wa mango. Loweruka masana amayi a mudzi umene yafika nthawi yawo amabwera ndi ndowa za madzi kudzazira pansi ndi kukonza timipando ta dothi timene ana amagumula ndi zidendene. Lamulungu m'mawa anthu amatulukira m'tinjira ta m'minda, a kuseri kwa phiri atanyamula nsapato m'manja kuti avale akawoloka mtsinje. Wolalikira ndi mkulu wa mpingo, mlimi ngati anzake. Baibulo lake lili m'jumbo kuopa mvula, magalasi ake mwendo umodzi ndi womangidwa ndi ulusi. Sabata yomweyo bamboyu wagona pamaliro, walalikira kumanda, wakhala pansi ndi ankhoswe a banja limene likufuna kutha, waphunzitsa a kalasi, wakaona agogo odwala kumudzi wa kumapeto. Salandira kalikonse, ndipo kumunda kwake udzu wamupitirira. Abusa amabwera pa njinga yamoto kangapo pachaka kudzadyetsa mgonero ndi kubatiza ana. Sindikuwadzudzula ayi: mbusa mmodzi amakhala ndi timatchalitchi tambirimbiri, ndipo misewu yake ndi yoti nthawi ya dzinja ngakhale akabaza amakana.

Masiku ena a sabata kanyumbako sikakhala kotseka. Alangizi a zaumoyo amachitiramo sikelo ya ana, amayi a banki m'khonde amakumaniramo, ana a sukulu ya mkaka amaimbiramo, komiti ya mjigo imawerengeramo ndalama zake. Mvula ikadula msonkhano wa amfumu, anthu amathawira momwemo, a mpingo uliwonse, ngakhale amene sanalowepo kalasi. M'timidzi tambiri palibenso nyumba ina ya anthu onse yoposa imeneyi.

Tsopano bwerani mwezi wa Juni kapena Julaye, tsiku la masika. Ngolo zimaima pabwalo. Pali matumba a chimanga, mtedza wosasenda, soya, nyemba m'timabeseni, maungu, nkhuku zomangidwa miyendo, mwina ndi mbuzi yochokera kwa mlimi wa fodya amene zamuyendera. Mayi wamasiye amene wakolola timatumba tochepa amabwera ndi ndowa yodzaza, chifukwa sangaonekere chimanjamanja pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anzake. Kwaya imaimba, nthungululu zimamveka mpaka kudambo. Pakatha masiku ochepa zonsezo zimagulitsidwa, kawirikawiri kwa mavenda omwe aja okhala ndi sikelo pamphambano, pa mtengo wa nthawi yokolola umene ndi wotsikitsitsa pachaka chonse. Ndalama zimaikidwa mu envulopu n'kupita kulikulu la mpingo kapena ku parishi, ndipo gawo lina limapitirira ku sinodi kapena ku dayosizi.

Ndinamvapo mayi wina wachikulire akufunsa mapemphero atatha: "Akuluampingo, nanga denga lathuli? Chaka chinonso tizingosuntha mphasa mvula ikamagwa?" Yankho linali lofatsa: "Mayi, tiyambe takwanitsa gawo lathu la kulikulu. Zotsala tidzaona." Koma zotsala sizikhalapo. Ikafika Febuluwale, mayi wamasiye uja ali pa ganyu m'munda mwa eni, akugula chimanga cha pa mbale pa mtengo wokwera kutalitali kuposa umene ndowa yake inagulitsidwira. Mpingo wake, umene iye anaudyetsa mu Juni, ulibe ngakhale chitini choti umupatse. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa palibe amene waba, palibe amene wachita nkhanza mwadala. Ndi dongosolo chabe limene tinalizolowera mpaka tinaleka kulifunsa.

Pa tsiku la masika alaliki amakonda Malaki 3:10, za kubweretsa chakhumi chonse ku nyumba yosungiramo. Ndi mawu a Mulungu, sinditsutsa. Koma ndimalakalaka nditamvanso Deuteronomo 14:28-29 ikuwerengedwa ndi mphamvu yomweyo. Pamenepo lamulo likunena kuti chaka chachitatu chilichonse chakhumi cha zokolola chisungidwe m'midzi momwemo, kuti Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye adye akhute. Maganizo oti gawo la zokolola lizitsala pamudzi sindinawatole kwa a mabungwe. Ali m'buku lomwe mkulu wa mpingo uja amasunga m'jumbo.

Chimene ndikupempha n'chosavuta kumva. Mpingo uliwonse ulembe m'malamulo ake kuti gawo lodziwika la masika, ine ndinganene limodzi mwa magawo atatu, lizitsala pa katchalitchi pamene laperekedwa. Lina la chimangacho lisagulitsidwe n'komwe. Lithiridwe mankhwala a anankafumbwe, lisokedwe m'matumba, lidzatsegulidwe mu Januwale ndi Febuluwale chifukwa cha okalamba, ana amasiye, ndi maliro ogwa pakhomo lopanda ufa. Lotsalalo lidikire mtengo ukwere, ndipo ndalama zake zigule simenti ndi malata. Ngakhale gawo lopita kulikulu likhoza kubala ndalama zambiri litasungidwa miyezi ingapo m'malo molithamangitsira kwa mavenda mu Julaye. Mlimi aliyense amadziwa zimenezi. Chimene chimamukakamiza kugulitsa msanga ndi ngongole ndi fizi. Mpingo usadzikakamize wokha.

Ndikudziwa zimene asungichuma a kulikulu anganene, ndipo ali ndi mfundo. Abusa amafunika malipiro, nyumba, mafuta a njinga. Mwana wa kumudzi woti adzakhale mbusa kapena wansembe amaphunzira zaka zingapo ku sukulu za ubusa za ku Zomba, ku Nkhoma kapena ku Kachebere, ndipo sukuluzo sizidya mphepo. Mipingo ili ndi zipatala monga za Nkhoma, Ekwendeni, Mua, Likuni, St Luke's ku Malosa ndi Malamulo, zimene pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zimathandiza anthu ochuluka a kumudzi komweko. Katchalitchi kalikonse katati kazidya zake zokha, mpingo ungasanduke timagulu tosadziwana, ndipo timidzi tosaukitsitsa tingasowe ndi mbusa wodzabatiza. Kusonkha pamodzi n'kofunika, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti zonse zitsale.

Funso langa ndi lakuti katundu ameneyu akumusenza kwambiri ndani. Kumene gawo limawerengedwa potengera chiwerengero cha Akhristu, mlimi wokolola kamodzi pachaka amayesedwa ndi muyezo umodzi ndi munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi. Pamene katchalitchi ka kumudzi kakuvutika kukwanitsa gawo lake, mipingo ina ya m'tauni ikuchita Pepa Sande yogulira matailosi, zokuzira mawu zatsopano, mpanda wa njerwa ndi galimoto. Sindikuti zimenezi ndi tchimo. Ndikuti mu mpingo umodzi, wa sinodi imodzi kapena dayosizi imodzi, sikoyenera kuti ena azisankha mtundu wa matailosi pamene abale awo akukhala pa dothi lonyowa. Paulo pa 2 Akorinto 8:13-14 anauza Akhristu a ku Korinto kuti zochuluka zawo zikwaniritse kusowa kwa anzawo kuti pakhale kufanana. Ndalama zoyendetsera likulu zichokere kwambiri kumene kuli ndalama.

Ena amati ndalama zikatsala kumudzi zidzadyedwa. Mawu amenewa ndimawamva ngati chipongwe kwa anthu amene ndimawadziwa. Amayi omwewo amene amazira pansi Loweruka ndiwo amayendetsa banki m'khonde chaka chathunthu, bokosi lokhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndalama kuwerengedwa poyera aliyense akuona, ndipo pakutha pa chaka amagawana mpaka kobiri lomaliza. Ngati angathe zimenezo, sangalephere kusunga matumba a chimanga cha mpingo. Aikeni m'komiti ya chuma, osati kukhitchini kokha tsiku limene kwabwera alendo. Msungichuma aziwerenga lipoti mokweza pamaso pa mpingo mwezi uliwonse. Ndipo lipotilo liziyenda mbali zonse ziwiri: a kulikulu nawonso azibwera kudzanena, m'Chichewa chomveka, kuti ndalama za masika a chaka chatha zinagwira ntchito yanji. Anthu akadziwa kumene chopereka chawo chapita amapereka ndi mtima wonse.

Za nyumba yeniyeniyo ndiimepo pang'ono. Yendani m'midzi, mudzaona makoma a matchalitchi oima pamawindo zaka ndi zaka, udzu utamera m'kati. Anthu anaumba njerwa ndi zikombole zawo, anatema nkhuni, anawotcha uvuni usiku wonse, anatuta mchenga pamutu. Chimene sangaumbe ndi simenti, malata, misomali ndi matabwa. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zimene anasonkha zaka zingapo zinasanduka zosakwanira ngakhale theka la denga. Ndiye ambiri amamanga ndi matope m'malo mwa simenti, maziko osazama, denga lomangirira ndi mawaya. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala m'chigawo chakumwera, ndipo kothawira kwawo kunali m'masukulu ndi m'matchalitchi. Katchalitchi kolimba ndi populumukira pa midzi yonse yozungulira. Komangidwa ndi matope kamagwa pamodzi ndi nyumba za anthu.

Mpata umene mpingo wausiya, andale amaulowa. Nthawi ya kampeni ikayandikira, galimoto imafika ndi malata ndi matumba a simenti, mwini wake n'kupatsidwa mwayi wopereka moni kutsogolo, moni wake n'kutalika kuposa ulaliki. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti, koma mphatso ya ku tchalitchi ndi yovuta kuigwira, chifukwa woperekayo amati akupereka kwa Mulungu. Sindingaloze chala mkulu wa mpingo amene walandira malatawo, mvula ikumudonthera pa guwa. Koma zotsatira zake zimaoneka: Akhristu a mudzi uwu ndi a mudzi uwo amayamba kuyang'anana ndi diso la chipani, ndipo mlaliki sangathenso kunena za fetereza amene sanafike kapena mlatho umene sunamangidwe, poti denga lili pamutu pake ndi la munthu yemweyo. Mpingo umene unalankhula mu 1992 unatha kulankhula chifukwa sunali m'thumba la munthu.

Ndalama si zokhazo zimene ziyenera kutsikira kumudzi. Maphunziro nawonso. Bishopu Patrick Kalilombe, pa msonkhano wa dayosizi ya Lilongwe wa 1973 mpaka 1975, anaona kale kuti mpingo sungadalire wansembe wobwera mwa apo ndi apo, ndipo miphakati, imene kumwera amati malimana, inakula kuchokera m'maganizo amenewo. A sinodi ya Nkhoma ali ndi malo ophunzitsira Akhristu wamba a Namoni Katengeza ku Chongoni. Maziko alipo. Koma mkulu wa mpingo wa kuseri kwa phiri, amene amalalikira Lamulungu zambiri pachaka kuposa mbusa pa katchalitchi kake, kawirikawiri alibe ndalama ya basi yokafika kumalo otere, ndipo sangasiye munda nthawi ya dzinja. Aphunzitsi ndiwo apite kwa iye, mu Ogasiti mpaka Okutobala ntchito za kumunda zitachepa, asonkhanitse akulu a mpingo, akatekisi, atsogoleri a amayi a Chigwirizano, Mvano kapena Umanyano a timatchalitchi toyandikana. Awaphunzitse kumasulira Malemba, kutonthoza ofedwa, kuweruza nkhani ya mwana wokwatiwa asanakule, kudziwa nthawi youza wodwala kuti apite kuchipatala. Awasiyire ndi mabuku. Tikapanda kutero, mphunzitsi wawo adzakhala wailesi ndi timakanema ta pa WhatsApp ta aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta, ndipo tisadzadabwe ulaliki wa kumudzi ukadzaza ndi nkhani za mfiti zoloza agogo okalamba.

A kumudzi nafenso tili ndi mlandu wathu. Masiku ano mudzi ukangogawikana kuti pakhale nyakwawa yatsopano, mawa lake anthu akufunanso katchalitchi kawokawo, ngakhale kakale kali pamtunda woti mwana amafika osatopa. Nthawi zina chifukwa chake ndi mkangano wa pamaliro kapena wa udindo. Mapeto ake timatchalitchi tiwiri tosatha kumanga m'malo mwa kamodzi kolimba, kwaya yogawika, ndi mbusa yemweyo kumuonjezera ulendo. Kumene kuli mtsinje wodzaza nthawi ya mvula kapena mtunda wolepheretsa okalamba, kugawa n'koyenera. Kumene kuli mkwiyo chabe, akulu alimbe mtima akane.

Mawu anga otsala apite kwa ife amene tinachoka. Madikoni, oimba kwaya ndi asungichuma ambiri a mipingo ya ku Area 18, Ndirande, Katoto, ngakhale ku Johannesburg, anaphunzira pemphero la Ambuye atakhala pa timipando ta dothi. Tsiku limene tinatenga kalata yosamukira, chakhumi chathu chinasamuka nafe. Katchalitchi kanatilera zaka zimene tinalibe kanthu, n'kutitaya chaka chimene tinayamba kulandira. Timabwererako m'bokosi, kapena podzaika m'bale, ndipo pamenepo timayembekezera kuti amayi avale yunifolomu, kwaya iimbe usiku wonse, mkulu wa mpingo alalikire. Mpingo uliwonse wa m'tauni utenge timatchalitchi todziwika ta kumudzi, ulembe mayina ake m'bajeti ya chaka, pakhale mzere wa simenti, wa malata ndi wa maphunziro a akulu a mpingo. Ulendo wa tsiku limodzi wokasiya kaunjika ndi kujambulitsa zithunzi sukwanira. Komiti ya m'tauni ipite ikakhale pansi ndi komiti ya kumudziko, ifunse chimene akufuna kuyamba nacho, ndipo chaka chotsatira ibwererenso kukaona ngati khoma ladutsa pamawindo.